Kodi zipolopolo za yureniyamu ndi zimene zikulumalitsa ana ku Iraq?

Funso lachokera kwa mayi wina, mzamba, akuti: "Ndaona zithunzi pa foni za ana a ku Iraq obadwa ndi zilema zoopsa, ena mitu yaikulu, ena misana yotseguka, akuti ndi chifukwa cha mabomba a yureniyamu amene asilikali a America anaphulitsa kumeneko. Ine ndimabereketsa amayi tsiku ndi tsiku ndiye zandikhudza. Kodi ndi zoona? Nanga yureniyamu wa ku Kayelekera ndi yemweyo?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funsoli, ndiyankha mwachidule kaye kenako tilowe mkati. Ana obadwa ndi zilema ku Fallujah ndi ku Basra, mizinda ya ku Iraq, alipodi, madokotala akumeneko sakunama ayi. Zida za yureniyamu zinagwiradi ntchito ku Iraq, matani mazanamazana, ndipo eni ake sakana. Yureniyamu ndi poizoni, izinso palibe amatsutsa. Koma kuti tiloze mwana mmodzi n'kunena kuti uyu wabadwa chonchi chifukwa cha fumbi la zipolopolo zimenezi, kapena kuti zilema za mu mzinda wonse zachuluka chifukwa cha yureniyamu osati mtovu kapena njala kapena utsi, umboni wolimba wotero mpaka lero kulibe. Ndipo chimene chimandiwawa ine nchoti umboniwo ukusowa osati chifukwa choti anafufuza bwinobwino n'kupeza kuti zonse zili bho, koma chifukwa kafukufuku woyenera sanachitike pa nthawi yake, ndipo amene anali ndi mapepala osonyeza pamene anawombera anawasunga mu kabati zaka ndi zaka.

Poyamba tichotse kaye chisokonezo chimodzi. Izi si mabomba a nyukiliya, siziphulika ngati za ku Hiroshima. Ndi zipolopolo, chitsulo chosongoka basi. Yureniyamu akakumbidwa pansi amakhala wosakanikirana mitundu iwiri, wochuluka kwambiri ndi U-238 ndipo kachigawo kakang'ono, pafupifupi 0.7 peresenti, ndi U-235. Ka U-235 aka ndi kamene kamafunika popanga magetsi a nyukiliya ndi mabomba, nde kufakitale amachita ngati kukonola chimanga, mphale uku madeya uku. Madeyawo ndiye depleted uranium, mwachidule DU, amene U-235 wake watsika kufika 0.2 kapena 0.3 peresenti. Pa dziko lonse pali matani oposa miliyoni a zotsalira zimenezi zitangokhala m'mazitsulo, ku America, Russia, France ndi kwina, ndiye kwa asilikali ndi chitsulo chopezeka pafupifupi chaulere. Radiation yake, mphamvu yosaoneka imene yureniyamu amatulutsa, ndi pafupifupi 60 peresenti ya yureniyamu wachilengedwe, yacheperako koma sinathe, ndipo kuti theka la U-238 lithe mphamvu pamafunika zaka 4.5 biliyoni, kutanthauza kuti chimene chagwera m'dothi chidzakhala momwemo pokhapokha wina achichotse kapena madzi achikokolole.

Asilikali amamukondera chani? Kulemera. Botolo la lita imodzi mutadzaza DU lingalemere makilogalamu 19, kuposa mtovu ka 1.7. Chipolopolo chake chikamenya kasinja sichifwafwanyika kutsogolo ngati zitsulo zina, chimasendeka m'mbali n'kumapitiriza kusongoka, kenako tizidutswa take timayaka moto tokha chikangolowa mkati. Kunja mumangoona kabowo kakang'ono kozungulira bwino koma mkatimo zonse zapsa, anthu, mafuta, zipolopolo zawo zomwe. Ndege yankhondo ya America ya A-10 imalavula zipolopolo za 30mm, chilichonse chili ndi DU wokwana pafupifupi magalamu 300, ndipo za akasinja a Abrams za 120mm chimodzi chimapitirira makilogalamu 4. Mayiko ena monga Germany amagwiritsa ntchito chitsulo china cholemera chotchedwa tungsten m'malo mwake, ndiye zoti popanda DU nkhondo singamenyedwe nzabodza.

Pa nkhondo ya 1991 ku Kuwait ndi kummwera kwa Iraq asilikali a America ndi Britain anawombera pafupifupi matani 300. Ku Bosnia mu 1994 ndi 1995 zipolopolo pafupifupi 10,000, ku Kosovo mu 1999 pafupifupi 31,000, amene ndi matani 10 kapena kucheperapo pang'ono. Mu 2003 anabwereranso nazo ku Iraq, Britain inavomera matani 1.9 ndipo za America zinali zambiri kuposa apo kutalitali, ndipo ulendo uno zina zinagwera mkati mwa mizinda osati kuchipululu kokha. Ku Syria mu November 2015 America inawombera zipolopolo 5,265 pa mathanki onyamula mafuta a gulu la ISIS, ndipo inadzavomera mu 2017 chonsecho poyamba inanena kuti sidzazigwiritsa ntchito kumeneko.

Tsopano polowera m'thupi. Radiation ya yureniyamu yambiri ndi ya mtundu wa alpha, imene singaboole olo pepala kapena khungu lakunja, nchifukwa chake a boma la America amakonda kunena kuti mutha kuima pafupi ndi chipolopolo chotere popanda vuto, ndipo pamenepo sakunama kwenikweni. Vuto ndi fumbi. Chipolopolo chikamenya chitsulo n'kuyaka, gawo lina limasanduka kafumbi kakuda kosalala kwambiri koti munthu akapuma kamalowa mpaka pansi pa mapapo n'kukhazikika, ndipo alpha uja amene pepala limamutchinga tsopano ali mkati, wagundana ndi maselo popanda chotchinga. Zipolopolo zambiri za ndege zimaphonya, zimalowa m'dothi n'kumachita dzimbiri lachikasu pang'onopang'ono. A UNEP, nthambi ya UN yoona za chilengedwe, atapita ku Bosnia patatha zaka 7 nkhondo itatha anapeza DU m'madzi apansi pamalo pena komanso mu mpweya wa m'nyumba zina zimene zinawomberedwa, mlingo wake unali wochepa koma analipo. Ku Iraq kunali china choposa apo, akasinja opsa anangosiyidwa m'mbali mwa misewu, ana kumakwera kusewerapo, ogula zitsulo zakale kumadula ndi gasi n'kumakagulitsa, manja ali bii ndi fumbi lija kenako kukadya nawo chakudya osasamba bwino.

Akalowa m'magazi wambiri amatuluka ndi mkodzo m'masiku ochepa, wotsalayo amakakhala mu impso ndi m'mafupa. Ambiri amangoganiza za radiation koma kwa ife a zaumoyo mantha oyamba ndi oti yureniyamu ndi chitsulo chapoizoni ngati mtovu, ndipo chiwalo choyamba kuvulala ndi impso. Pa mbewa ndi makoswe a mu labu zinaoneka kuti amadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana. Jose Domingo ndi anzake ku Spain anapatsa mbewa za bere yureniyamu, ana ake anabadwa ochepa thupi, ena ong'ambika kukamwa, ena mafupa osakhwima bwino. Alexandra Miller, yemwe amagwira ntchito ku labu ya asilikali a America enieniwo, anaonetsa kuti DU amawononga DNA ya maselo. Ndiye wina akakuuzani kuti n'zosatheka kuti DU alumalitse mwana m'mimba, ameneyo sanawerenge. Kungoti mbewa zija zimamwetsedwa mlingo waukulu tsiku ndi tsiku, kuposa umene mayi wokhala makilomita awiri kuchokera pa kasinja wopsa angaupeze, nde funso lenileni limakhala loti mayi wa ku Basra analandira wochuluka bwanji, ndipo anaulandira pa sabata iti ya mimba.

Tiyeni ku Basra. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012, wa Al-Sabbak, Mozhgan Savabieasfahani ndi anzawo, anaonetsa kuti pa chipatala cha amayi cha mu mzindawu ana obadwa ndi zilema anali 1.37 pa 1,000 aliwonse mu 1994 mpaka 1995, koma pofika 2003 anali 23 pa 1,000. Manyuzipepala analemba kuti zilema zakwera ka 17, ndipo masamuwo ndi olondola. Koma inu ngati mzamba tayang'anani nambala yoyambayo. Kulikonse pa dziko lapansi, kopanda nkhondo kopanda yureniyamu, ana 20 mpaka 30 pa 1,000 amabadwa ndi chilema chachikulu. Wodi imene yalemba mwana mmodzi yekha pa 1,000 si wodi ya mwayi, ndi wodi imene simalemba, mwina munalibe mabuku, mwina amangolemba zooneka ndi maso zokha, mwina ana ofooka amamwalirira kunyumba. Nthawi imeneyo Iraq inali pa zilango za UN, zipatala zinalibe olo mankhwala. Ndiye 23 uja mbali ina akhoza kukhala kukwera kwenikweni, mbali ina ndi kuyamba kulemba bwino, ndipo palibe njira yozilekanitsira poti kaundula wodalirika wa nkhondo isanayambe kunalibe. Ili ndi bala la nkhani yonseyi, kulikonse mungagwire mupeza lomweli.

Ku Fallujah nkhani yake ndi yolemera kwambiri. Mzindawu unamenyedwa kawiri mu 2004, mu April ndi mu November, nyumba zambirimbiri zinagwa. Patapita zaka zingapo dokotala wa ana pa chipatala chachikulu cha mumzindawu, Samira Alaani, anayamba kulemba yekha mwana aliyense wobadwa ndi chilema komanso kujambula, poti panalibe wina wochita zimenezo. Pa ana pafupifupi 6,000 amene anabadwa m'miyezi 11 cha mu 2010, iye ndi anzake anapeza 48 pa 1,000 ali ndi zilema, zambiri za mtima ndi za ubongo ndi msana, ana obadwa chigaza chosatseka, misana yotseguka, mitu yodzaza madzi. Nambala imeneyi ndi yokwera, makamaka mukaganiza kuti chipatalacho chinalibe zipangizo zokwanira zoonera zilema zobisika. Ine mayi ameneyu ndimamupatsa ulemu waukulu, ntchito imene amayenera kuchita boma ndi mabungwe akuluakulu anaichita ndi kope ndi kamera.

Chaka chomwecho cha 2010 gulu la wasayansi wa ku Britain Chris Busby linayenda khomo ndi khomo ku Fallujah, nyumba 711 anthu 4,843, kufunsa za khansa ndi imfa za ana, ndipo anati ana 80 pa 1,000 amamwalira asanathe chaka komanso kuti mwa ana aang'ono anyamata anali 860 okha pa atsikana 1,000. Kafukufuku ameneyu ndi amene amazungulira kwambiri pa intaneti koma ndi wofooka, anangodalira zimene anthu ayankha popanda kuona mafailo akuchipatala, ndipo sanayeze yureniyamu mwa munthu aliyense. Mu 2011 anadzayeza tsitsi la makolo a ana olumala, anapezadi yureniyamu koma chodabwitsa sanali DU, anali wooneka ngati wachilengedwe kapena wokhala ndi U-235 wochulukirapo pang'ono. Asilikali a America nawo amati pa nkhondo ya November ija sanagwiritse ntchito DU, poti mu Fallujah munalibe akasinja oti awaboole, ngakhale anadzavomera kuti anagwiritsa ntchito white phosphorus, mankhwala oyaka moto amene amawotcha thupi. Mukhoza kuwakayikira, ndi ufulu wanu ndipo mbiri yawo pa nkhani zoterezi si yabwino, komabe zotsatira za tsitsi zija zinachokera kwa anthu amene amafuna kutsimikiza kuti DU ndi wolakwa, osati kwa asilikali.

Chimene chinaoneka bwino mu tsitsi ndi china. Kafukufuku wa 2012 uja anapeza kuti ana olumala a ku Fallujah anali ndi mtovu wochuluka kasanu ndi mercury kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi ana obadwa bwinobwino. Zitsulo ziwirizi zimapezeka mu zipolopolo wamba ndi zophulitsira, ndipo kuopsa kwake kwa mwana wosabadwa tinakudziwa kalekale. Nkhondo sibweretsa poizoni mmodzi. Mu 1991 zitsime za mafuta zoposa 600 zinayaka ku Kuwait kwa miyezi, utsi wake umafika ku Basra. Dera lomwelo linali litamenyedwa kale zaka 8 pa nkhondo ya Iran ndi Iraq kuyambira 1980. Pambuyo pa 2003 misasa ya asilikali imawotcha zinyalala zonse m'maenje, mapulasitiki, mabatire, matayala, usiku ndi usana. Mapaipi a madzi ndi a zonyansa anasweka n'kusakanikirana. Onjezanipo zaka 13 za zilango, 1990 mpaka 2003, amayi akudya mosakwanira, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, ndipo akasowa vitamini ya folic acid nthawi imeneyo ndi pamene timaona misana yotseguka ija. Palinso maukwati apachibale amene ndi ochuluka ku Iraq, ana a munthu ndi mchimwene wake kukwatirana, izi zimakweza zilema zotengera kumtundu. Koma mfundo imeneyi anthu ena amaigwiritsa ntchito molakwika pofuna kutseka nkhani, chifukwa maukwati amenewa analipo nkhondo isanabwere, sangafotokoze kukwera kwadzidzidzi.

Pali chinthu china chimene ambiri amadabwa nacho ndikawauza. Ku Hiroshima ndi Nagasaki madokotala anayeza ana oposa 70,000 amene anabadwa pakati pa 1948 ndi 1954, ambiri mwa iwo makolo awo anapulumuka ku mabomba aja, ndipo sanapeze kuti zilema zachuluka moonekera mwa ana amene mimba zawo zinabwera bomba litaphulika kale. Amene anavulala ndi ana amene anali kale m'mimba tsiku la bombalo, makamaka a masabata 8 mpaka 15, ambiri anabadwa mitu yaing'ono ndi nzeru zochepa. Radiation ya kumeneko inali yaikulu kwambiri kuposa imene fumbi la DU lingapereke. Nchifukwa chake ine ndikamaganiza za DU ndi zilema sindithamangira ku radiation, ndimayang'ana kwambiri ku upoizoni wake ngati chitsulo, kwa mayi amene akupuma kapena kumwa pang'onopang'ono ali woyembekezera.

Nanga a WHO anati chani? Dziko lonse linadikira lipoti la unduna wa zaumoyo wa Iraq limene WHO inathandizira, makomo 10,800 m'maboma 18. Linachedwa, kenako mu September 2013 kunatuluka chidule chabe chopanda mayina a olemba, chonena kuti palibe umboni woonekeratu woti zilema ku Iraq ndi zochuluka modabwitsa, ndipo nambala yake inali pafupifupi 22 pa 1,000. Akatswiri ambiri anadandaula, olo magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba za mafunso amene anthu anali nawo pa mmene lipotilo linaunikidwira. Vuto lake ndi lomwe lija la Busby kungoti mbali inayo, amafunsa amayi kuti akumbukire mimba zawo za zaka zambiri zapitazo, ndipo mayi amene mwana wake anamwalira tsiku lachiwiri ndi mtima wobowoka angadziwe bwanji ngati palibe anamuuza? Komanso ananeneratu kuti sakufufuza za DU, sanayeze dothi, sanayeze mkodzo wa munthu. Ndiye lipoti limeneli silingagwiritsidwe ntchito kuyeretsa DU, olo kuti andale ena amalitchula choncho.

Gulu limene layezedwa mosamala kwambiri ndi asilikali a America pafupifupi 80 amene anawomberedwa mwangozi ndi anzawo mu 1991, ena mpaka lero ali ndi tizidutswa ta DU m'thupi. Achipatala cha asilikali opuma ku Baltimore, motsogozedwa ndi Melissa McDiarmid, akhala akuwayeza kuyambira cha mu 1993. Mkodzo wa amene ali ndi tizidutswa umakhalabe ndi yureniyamu wochuluka patatha zaka zonsezi, koma sanapeze matenda aakulu a impso obwera chifukwa cha iye, ndipo mwa ana awo simunaoneke vuto la zilema. Iyi ndi nkhani yolimbikitsa ndithu ndipo sindikufuna kuichepetsa. Koma ndi amuna, athanzi, odya bwino, ochepa, ndipo palibe mmodzi yemwe anatengapo mimba. Chilema chimene chimagwa kamodzi pa ana 1,000 simungachione mu gulu la anthu 80.

Mu 2021 magazini ya BMJ Global Health inatulutsa ntchito ya Shelby Surdyk ndi anzake, anasonkhanitsa kafukufuku 36 wokhudza yureniyamu wa zida ndi umoyo wa anthu a ku Iraq. Ambiri mwa iwo amaloza kuti pali kugwirizana ndi matenda kuphatikizapo zilema, koma pafupifupi onse anali ndi zofooka zazikulu pa kachitidwe kake moti olembawo anati umboniwo ndi wosalimba. Kale mu 2005 Rita Hindin, Doug Brugge ndi Bindu Panikkar anali atanena zofananako, kuti zimene zilipo zikugwirizana ndi ganizo loti chiopsezo cha zilema chimakwera. Taonani, zaka 16 pakati pawo ndipo yankho silinasunthe. Pa nkhani ya fodya ndi khansa, kapena mankhwala a thalidomide amene analumalitsa ana cha m'ma 1960, sayansi inafika pa yankho chifukwa panali ndalama, kaundula ndi boma lofuna kudziwa. Apa zonse zitatu panalibe.

Kuti muchite kafukufuku wabwino mumafunika kudziwa pamene zipolopolo zinagwera, kuti muyerekeze amayi okhala pafupi ndi okhala kutali. Ku Kosovo a NATO anapereka malo 112 mu 2000 mlembi wamkulu wa UN Kofi Annan atachita kupempha, ndipo a UNEP anapita kukayeza ena mwa malowo chaka chomwecho. Ku Iraq America sinapereke mndandanda wotere kwa a UNEP. Zina zinadzatuluka patatha zaka zoposa 10 kudzera ku bungwe la PAX la ku Netherlands limene linachita kukakamiza pogwiritsa ntchito malamulo opezera zikalata za boma, ndipo zitaunikidwa zinaonetsa kuti zambiri zimene ndege za A-10 zinawombera mu 2003 sizinali akasinja n'komwe, zinali magalimoto wamba, nyumba, asilikali oyenda pansi. Pofika nthawi imeneyo anthu anali atasamuka, zitsulo zitagulitsidwa, yureniyamu wambiri atatuluka kale m'mikodzo ya anthu osayezedwa.

Ndipo pali kankhani kena kamene ndimafuna aliyense azikadziwa. Mu July 1991 pa msasa wa asilikali a America wa Camp Doha ku Kuwait panabuka moto umene unawotcha zida kuphatikizapo za DU. Mu 2008 mchenga woipitsidwa wa pamalopo, matani pafupifupi 6,700, unapakidwa m'makontena, kukwezedwa sitima ya pamadzi mpaka ku America n'kukakwiriridwa kumalo otayira zoopsa ku Idaho. Kuwait ndi dziko lolemera komanso bwenzi lawo. Chinthu chimene amati n'chosaopsa anachinyamula kuwoloka nacho nyanja, pomwe ku Iraq malo oposa 300 amene anadziwika kuti ndi oipitsidwa anasiyira boma la Iraq lokha kuti lione chochita. Malangizo a asilikali awo omwe amawauza kuti asamakwere pa akasinja owomberedwa ndi DU popanda zodzitetezera, koma mwana wa ku Basra palibe anamuuza.

Ndiye maganizo anga ndi awa mayi. Amene amanena kuti mwana aliyense wolumala ku Iraq ndi DU akupitirira pamene umboni wafika, ndipo mosadziwa amathandiza mbali inayo, chifukwa akangowatsutsa pa mfundo imodzi nkhani yonse ya mtovu, mercury, utsi ndi njala imafera limodzi. Kwa Fallujah makamaka ine ndimaona kuti zitsulo zina zija ndi kugwa kwa chisamaliro cha amayi oyembekezera zili ndi umboni wooneka kuposa DU. Kwa Basra ndi midzi ya kummwera kumene DU anagwa wambiri kawiri konse, kukayikira DU n'koyenera ndipo kumafunika kafukufuku weniweni woyeza mkodzo wa amayi ndi makina otha kusiyanitsa DU ndi yureniyamu wachilengedwe, makinawo alipo. Koma amene amati DU ndi wotetezeka poti palibe umboni, amenewo ndiye ndimatsutsana nawo kwambiri. Mankhwala atsopano sitiwapereka kwa mayi woyembekezera n'kumati tidikire aone ngati mwana alumale, wopangayo ndi amene amayenera kusonyeza kaye kuti ndi abwino. Sindikuona chifukwa choti womwaza matani a chitsulo chapoizoni pamene anthu amakhala apatsidwe lamulo lofewa kuposa limenelo.

Za zithunzi zija muzisamala nazo pang'ono. Zina ndi zenizeni za ku Fallujah, zina zinatengedwa m'mabuku a zachipatala kapena kumayiko ena n'kumatidwa mawu atsopano. Mwana wobadwa khungu louma long'ambikang'ambika, maso ofiira otuzuka, amene amakonda kumuika patsogolo, nthawi zambiri ndi matenda otengera kumtundu otchedwa harlequin ichthyosis amene analembedwa kale m'zaka za m'ma 1700. Chithunzi chimakuuzani kuti mwana wavutika, sichikuuzani chimene chachititsa, komanso ana amenewa ali ndi amayi awo amene mwina sanavomere kuti azizungulira m'mafoni a dziko lonse.

Kayelekera tsopano. Chitsulo chake ndi chimodzi koma si DU. Mgodi wa ku Karonga uja, umene unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin, n'kuima mu 2014, kenako n'kugulidwa ndi Lotus Resources, umatulutsa yureniyamu wachilengedwe ngati ufa umene amautcha yellowcake, ndipo kulekanitsa U-235 kuja kumachitikira kunja, kuno kulibe fakitale yotero. Pa mgodi uliwonse wa yureniyamu zoyang'anira ndi zina, fumbi la miyala, mpweya wa radon, ndi madamu a zotsalira amene amakhala ndi radium, makamaka nthawi ya mvula kuti zisalowe m'mitsinje. Phunziro lapafupi ndi la a Navajo ku America, kumene kafukufuku wa ana oposa 13,000 obadwira ku Shiprock pakati pa 1964 ndi 1981 anaonetsa kuti mavuto a uchembere amakwerako pang'ono kwa amayi okhala pafupi ndi milu ya zotsalira za mgodi, ndipo kuyambira cha mu 2010 kuli kafukufuku wina wotsatira amayi ndi ana awo kuyambira ali m'mimba. Chimene dera lililonse la mgodi limafunika ndi kuyeza madzi pafupipafupi, zotsatira zake anthu n'kumaziona, komanso zipatala zozungulira kulemba chilema chilichonse mwatsatanetsatane, mtundu wake, mudzi wa mayi, kumene amatunga madzi, kuphatikizapo ana obadwa akufa ndi mimba zopita padera zimene nthawi zambiri zimangodutsa osalembedwa.

Kumbali ya malamulo palibe pangano la dziko lonse loletsa zida za DU ngati mmene zilili ndi mabomba okwirira pansi. Belgium inaletsa payokha, lamulo lake linadutsa mu 2007 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, Costa Rica inatsatira mu 2011. Ku msonkhano waukulu wa UN nkhaniyi yakhala ikuvoteredwa kuyambira 2007, mayiko ochuluka kwambiri amavomereza zoti pakhale kusamala komanso kuti owombera azinena pamene anawombera, ndipo amene akhala akukana pafupifupi nthawi zonse ndi America, Britain, France ndi Israel. Ku Italy makhoti alamulapo kangapo kuti asilikali amene anadwala khansa atabwerako ku Bosnia ndi Kosovo kapena mabanja awo alipidwe, ngakhale chigamulo cha khoti si umboni wa sayansi. Mu 2023 Britain inatumiza zipolopolo za DU ku Ukraine pamodzi ndi akasinja a Challenger 2, America nayo inalengeza zake za Abrams mu September chaka chomwecho, ndipo Russia imene inakuwa kwambiri nayonso ili ndi zipolopolo za DU m'nkhokwe zake.